Chulu Choonerapo Manda

Uthenga wa imfa ya Jestina unabwera pa njinga ya Jeremiya, wogulitsa usipa, ndipo unachedwa monga achitira mauthenga onse okwera njinga. Jestina anamwalira m'mawa, anaikidwa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke, koma amake ku Nkope anamva sabata ikutha.

Jeremiya anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, anavula chipewa, n'kukhala pansi chapatali ndithu. Mayi Enid anali akuyanika chinangwa pathandala. Ataona chipewa chili m'manja mwa munthu amene sankachivula ngakhale pamaso pa Padri, anasiya chinangwacho n'kupukuta manja pa chitenje.

"Ndachokera kumtunda, amayi. Ku Namwera."

"Nenani."

"Mwana wanu watisiya. Ndi kolera uja wavuta kumeneko. Sanagone naye masiku."

"Thupi lili kuti?"

"Anaika kale. Mukuwadziwa anzathuwa, maliro sagoneka."

"Anamuimbira nyimbo?"

Jeremiya anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lake.

Mayi Enid anali mkazi wamasiye wa Mwalimu Rowland, amene anaphunzitsa katekisimu pa mishoni mpaka mano atatha m'kamwa. Iwo anabadwira mu mpingo, anakulira mu mpingo, ndipo malo awo m'tchalitchi ankadziwika ngakhale ndi ana: kutsogolo, mbali ya amayi, pafupi ndi zenera. Mlendo akakhalapo mosadziwa, sankamuuza kanthu, ankangoima pambali pake mpaka mlendoyo atazindikira yekha. Za Mulungu anali nazo zomveka bwino, zopanda makwinya. Kwa iwo Mulungu anali ngati mwini mbuzi wosamala: zimene zili m'khola amazidziwa ndi maina, amaziyang'anira, sagona nazo tulo. Zimene zathyola khola, afisi ndiwo adziwa.

Jestina, chitsirizira chawo, ndiye anathyola khola. Anabatizidwa ali wakhanda, analimbitsidwa ndi manja a Bishopu, ankaimba m'kwaya. Kenaka kunabwera telala wina dzina lake Jaffalie, kudzasoka mayunifolomu a ana a sukulu pakhonde la golosale. Jestina anapita kukamupatsa chigamba, ndipo chigambacho chinatenga miyezi osatha kusokedwa. Mapeto ake telala anapinda makina ake, anatenganso mwana wa Mwalimu, ulendo kwawo ku Namwera. Kumeneku kunali kulakwa kuwiri. Mkamwini amamanga kwa mkazi, sanyamula mkazi ngati katundu. Ndipo kumtundako Jestina analowa Chisilamu, anamupatsa dzina loti Awa. Tsiku limene ankakwera lole amake anangomuuza kuti, "Ukapita, wapita." Zaka zinadutsa, Mwalimu anamwalira, Jestina anabwera ku maliro atafunda kumutu, ndipo amake anamupatsa moni wa dzanja ngati mlendo wa mudzi wina. Ku Namwera sanapondeko phazi.

Tsopano anthu anasonkhana pakhomo kudzakhuza maliro opanda thupi. Amayi a mpingo anaimba, Mayi Enid anaimba nawo osaphonya ndime, maso ali gwa. Chimene chinkawadya sichinali imfa yokha, pakuti imfa anali ataiona kambiri. Chinali chakuti mwana wobatizidwa wagona pakati pa anthu osabatizidwa popanda chizindikiro chilichonse. Wina akhoza kuseka, koma iwo sankaseka: ankaopa ndithu kuti diso la Mulungu, poyendera ake ogona, lidzadutsa pa manda a ku Namwera osaima. Choncho anatsimikiza mtima. Adzapita, adzaima pamanda a mwana wawo, adzazika mtanda kumutu, adzanena mawu oikira maliro amene sananenedwe. Akatero Mulungu adzadziwa poyang'ana.

Marko, kalipentala wa pa mishoni, anapala mtandawo ndi thabwa la mlombwa lotsala pa chitseko cha sukulu. Dzina analilemba ndi msomali wootcha pamoto. Anafunsa kuti alembe dzina liti, ndipo mmene anamuyang'anira Mayi Enid sanafunsenso.

"Koma akakulolani, amayi?" anatero powapatsa.

"Mwanayo anamubala ndani?"

"Ndinu."

"Ndiye ndikapemphe kwa yani?"

Marko anafuna kunena kuti kwa eni kulibe mkuwe, koma anaona kuti mwambi ungowonongeka.

Ananyamuka m'mawa atavala yunifolomu ya amayi a mpingo, bulauzi woyera wosita bwino, mtanda ataukulunga m'chitenje n'kuumanga ndi luzi. Anakwera lole ya nsomba mpaka pa boma la Mangochi. Pa mlatho wa Shire panali achinyamata a chipani ovala malaya ofiira, akutsitsa anthu kuti aonetse makhadi. Chaka chimenecho, cha 1988, munthu ukanatha kuiwala nsapato kunyumba koma osati khadi. Mayi Enid anamasula lawo pa mfundo ya chitenje n'kulionetsa osalankhula. Mnyamata wina, wofuna kuoneka wakhama pantchito, anagwira phukusi lija.

"Muli chiyani umu, agogo?"

"Masula uone."

Anamasula. Ataona mtanda ndi dzina lootchedwapo anabweza dzanja msanga, koma poti anzake ankamuyang'ana anafunika kunenapo kanthu.

"Si inu a Mboni, inu?"

"A Mboni sanyamula mtanda, iwe," anatero mkulu wawo. "Amange, adzipita."

Anamanga yekha mnyamatayo, ndipo anamanga bwino kuposa poyamba.

Lole ina inawakweza mapiri a Chowe ikulira ngati ifa. Nyanja inatsala kumbuyo, mphepo inayamba kuzizira, minda ya fodya ndi chimanga inayamba kuoneka. Cha kufupi ndi Namwera m'mbali mwa msewu munali misasa ya udzu ndi mapepala a pulasitiki, yothithikana, utsi ukutuluka paliponse. Anali anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Amayi anali pa mzere pa mjigo, ana amimba zotupa akuyang'ana lole. Mayi Enid anawaona monga munthu aonera mitengo ali paulendo. Anali ndi maliro awo, ndipo mtima wawo unalibe malo a maliro ena.

Nyumba ya telala sinavute kupeza. Pakhonde panali makina osokera ofunditsidwa chiguduli, ndipo pambali pake, pamkeka, panakhala munthu amene Mayi Enid sanamuzindikire. Jaffalie amene ankamukumbukira anali wamasaya, woseka ndi mano onse. Uyu anali mafupa ovala mkanjo, maso atalowa m'kati. Atawaona anayesa kudzuka, miyendo inakana, ndipo anangogwada pomwepo.

"Amayi. Mwafika."

"Ndafika."

M'nyumba munatuluka mayi wachikulire, wamfupi, wovala chipini pamphuno. Anali a Tatu, amake Jaffalie. Aka kanali koyamba kuti azimayi awiriwa aonane, ngakhale ana awo anakhala pabanja zaka zonsezi. A Tatu anayala mkeka wina, anagwira dzanja la mlendo ndi manja awiri.

"Pepani, asewere. Mwana wathu watisiya."

Mawu oti wathu anawalasa Mayi Enid, koma anawameza. Anabweretsa madzi osamba m'manja ndi tiyi, iwo anati sanabwerere tiyi. Anamasula luzi, anatambasula chitenje, n'kugoneka mtanda pamkeka pakati pa onse atatu.

"Mundiperekeze kumanda. Ndikazika ichi, ndinena pemphero, ndibwerera lero lomwe. Sindikuvutitsani."

Jaffalie anayang'ana mtandawo nthawi yaitali. Anawerenga dzinalo milomo ikuyenda, dzina limene iye yemwe anali atasiya kulitchula.

"Amayi, mundikhululukire. Kwathu kuno akazi salowa kumanda. Ngakhale mayi angawa sanalowemo chibadwire."

"Amenewo ndi malamulo anu. Ine si wa mzikiti."

"Mandawo ndi a mzikiti, amayi. Ndipo mtanda mmenemo, anthu sangamve."

"Chabwino. Poti inu ndinu mwamuna, tengani mukazike ndinu. Ine ndiima panja pa mitengo, ndinena mawu anga muli pomwepo. Munanditengera mwana wamoyo osapempha. Ichi chokha mukanikanso?"

Apa Jaffalie anagwetsa nkhope. Mayi Enid anaganiza kuti akufuna mawu okanira mwaulemu, ndipo anali atakonzeka kale kumuyankha. Koma zimene ananena sanazikonzekere.

"Ngakhale ndikanafuna, amayi, sindikudziwa pamene wagona."

"Mwati bwanji?"

Anafotokoza pang'onopang'ono, akupuma pakati. Matendawo anawagwira onse awiri tsiku limodzi. Anawanyamulira ku matenti amene azaumoyo anamanga kuseri kwa msika, amuna kwawo, akazi kwawo. Iye anatsitsimuka patapita masiku, botolo la madzi lili pamkono, ndipo pomwe ankafunsa za mkazi wake n'kuti ataikidwa kale. Sabata imeneyo anthu ankafa ngati nkhuku za chitopa. Amuna a mzikiti ankakumba kuyambira m'mawa mpaka manja kutuluka matuza, ndipo azaumoyo analetsa kusonkhana, analetsa kuchedwa. Othawa nkhondo nawonso ankafa, analibe manda awo, ndipo shehe anati dothi silifunsa kwawo kwa munthu, aikidwe momwemo. Tsiku la Awa anaika anthu angapo motsatizana. Kumutu ndi kumiyendo anazika timitengo monga mwa mwambo, timitengo tofanana tonse.

"Nditatuluka ku matenti ndinafunsa amene anakumba. Wina akuti ndi pafupi ndi mtengo wa msuku. Wina akuti ayi, ndi mzere wakumunsi. Wachitatu, amene anamutsitsa m'manda ndi manja ake, naye anatsatira sabata yomweyo."

Mayi Enid anakwiya, ndipo mkwiyo unawakomera kuposa chisoni chifukwa unali ndi pogwira.

"Mwanditayira mwana ngati mphaka wofera m'munda."

"Sanatayidwe, amayi. Anamukulunga m'sanda yoyera. Anamupempherera."

"Anamupempherera ndani? Kwa yani? Inu mwamuna wake simukudziwa pamene ali. Ine make sindikudziwa. Chizindikiro palibe. Ndiye adzamudziwa ndani mwana ameneyu?"

Jaffalie anangolira. Misozi inkangotsika yokha, ndipo analibe mphamvu zoipukuta. Mayi Enid anaimirira, anatola mtanda wawo, n'kunena kuti apita okha, aone amene awagwire.

"Palibe akugwireni," anatero a Tatu. "Muli ndi imvi, akuopani. Mulowa, muima pakati pa mitumbira, ndiye muzika pa uti? Mukazika pa mwamuna wa eni? Pa mwana wa eni?"

Mayi Enid anaima chomwecho, mtanda uli m'manja. Linali funso lachabechabe, la mayi wosaphunzira wovala chipini, koma linawatsekera njira.

"Siyani thabwalo apa," anatero a Tatu, "palibe aliba. Tiyeni ndikakuonetseni kumene timapita ife."

Mayi Enid anazengereza, kenaka anatsamiritsa mtandawo kukhoma, kuseri kwa makina osokera.

Anadutsa kuseri kwa nyumba, analowa kanjira ka m'munda wa fodya. A Tatu anali patsogolo, akuyenda mofulumira modabwitsa pa msinkhu wawo, akukankha masamba ndi dzanja. Mayi Enid ankatsatira, bulauzi woyera uja akudetsedwa ndi utomoni wa fodya. Kenaka Mayi Enid, polankhula ndi msana wa mnzawo, ananena chimene chinawatulutsa ku Nkope.

"Inu simungamvetse. Mwana uja anabatizidwa. Ali ndi mwini wake. Koma mmene mwamuikiramu, Mulungu adzamuona bwanji?"

A Tatu sanatembenuke.

"Kodi Mnungu wa kunyanjako ali ndi ng'ala m'maso?"

"Musanyoze."

"Sindikunyoza, asewere, ndikufunsa. Ife kuno timamva za mkazi wina wa mneneri wakale. Anali mdzakazi, wa mtundu wina. Anabereka mwana wamwamuna, mkazi wamkulu nsanje, basi anamupititsa kuchipululu ndi mwana wake ndi thumba la madzi. Madzi anatha. Kunalibe mudzi, kunalibe mtengo wolembapo dzina. Mayi uja anathamanga uku ndi uku, mwana akulira pansi. Inu mukuganiza anawapeza ndani?"

"Nkhani imeneyo ndi yathu," anatero Mayi Enid msangamsanga. "Ili m'Chipangano Chakale."

"Kaya. Mwina munabwereka."

"Munabwereka ndinu."

"Chabwino, tinabwereka ife. Nanga kwanuko imatha bwanji? Anafa?"

Mayi Enid ankadziwa mmene imathera. Anali ataimva ikuwerengedwa m'tchalitchi chaka ndi chaka, ndipo nthawi zonse ankakhala mbali ya mkazi wamkulu, mwini nyumba, make mwana wa lonjezo. Mdzakaziyo ankamuona ngati wolowerera amene analandira zomuyenera. Koma nkhaniyo sinkathera pa kuthamangitsidwa. Inkanena kuti Mulungu anamva kulira kwa mwanayo pamalo pomwe anali, pansi pa chitsamba chopanda dzina, n'kuonetsa make chitsime. Inkanenanso kuti mkazi yemweyo, kapolo, mlendo, wakunja kwa pangano, ndiye anatcha Mulungu dzina loti ndi Iye amene amaona. Gawo limenelo likamawerengedwa Mayi Enid ankakonda kuyang'ana pazenera. Lero panalibe zenera, panali msana wa a Tatu ndi fodya mbali zonse.

Munda unathera pa chulu chachikulu, chakale, chomera udzu m'mbali. Chinali ndi kanjira kokwerera kosalala, koumbika ndi mapazi, ndipo pamwamba pake panali poyera, pokwana anthu atatu kapena anayi. Palibe mwamuna anakonza malo amenewo. Anawakonza ndi akazi a m'mudzimo, mibadwo ndi mibadwo, pobwera kudzaima pamene mwambo unawalekezera. A Tatu anakwera ndi manja ndi miyendo, n'kutambasula dzanja kukoka mnzawo. Mayi Enid analandira dzanjalo chifukwa panalibe kuchitira mwina.

Kutsogolo, kutsidya kwa kadambo, kunali nkhalango ya manda. Mbali yakale inali yowirira, mitengo yokhayokha. Koma m'mphepete mwake anali atalambula malo atsopano, ndipo pamenepo mitumbira inkaoneka bwino lomwe, yofiira, yondandalikana m'mizere yokhotakhota, yonse yoloza mbali imodzi. Inali yambiri kuposa mmene Mayi Enid ankaganizira. Ina inali yaitali, ina yaifupi ngati mtondo wogonekedwa. Mvula inali itaisalaza yonse mofanana.

"Msuku ndi uwo," anatero a Tatu, akuloza ndi mlomo. "Mzere wakumunsi ndi uwo."

Pafupi ndi msuku panali mitumbira itatu. Mzere wakumunsi unali wautali.

Mayi Enid anakonza duku, anaimirira mowongoka monga ankaimira m'tchalitchi. Buku sanalifune, mawu oikira maliro anali atawamva kokwanira moti ankawadziwa ngati njira ya kuchitsime. Anasankha mtumbira wapakati pa itatu ija, poti unkaoneka wa msinkhu wa Jestina. Anauyang'anitsitsa, n'kuyamba. Anapereka mlongo wathu uyu m'manja mwa Mulungu, dothi ku dothi, m'chiyembekezo cha kuuka. Mawu anatuluka bwino, osanjenjemera. Anati amen.

Atangotseka pakamwa, mtima unawafunsa kuti, nanga ngati si umenewo? Anayang'ana wa kumanzere kwake. Nawonso unali wa msinkhu womwewo. Anayambiranso, mawu omwewo, maso ali pa wachiwiriwo. Atatha, wachitatu unali pomwepo, ndipo kuusiya kunali ngati kudumpha munthu pogawa chakudya.

"Kodi amene anaikidwa masiku amenewo munkawadziwa?" anafunsa.

"Ambiri. Malo awo okha ndiye sindidziwa." A Tatu anakhala pansi, anatambasula miyendo. "Muli Che Bwanali wokonza njinga. Muli Keti, mkazi wa mphunzitsi, ndi khanda lake. Muli mapasa a kwa Abiti Sumani. Muli mayi wina wa ku Mozambique, anafika yekha, anafa yekha. Anamupeza ndi korona wa Akatolika m'khosi, anamuika naye. Dzina lake palibe analimva."

Mayi Enid anatembenukira ku mzere wakumunsi. Sankadziwa kuti mwamuna ndi uti, mkazi ndi uti, choncho pena ankati mlongo wathu, pena mbale wathu, mmene pakamwa pafikira. Mawuwo anali a m'buku, sanawapange iwo, koma anamva okha kuti akutchula mbale wathu wokonza njinga wa mzikiti, munthu amene akanakumana naye pamsewu sakanamupatsa moni. Anafuna kusiya. Koma kusiya kunali kuika Jestina pa chiswe, chifukwa mtumbira uliwonse umene akanaudumpha ukanatha kukhala womwewo. Kuti apeze mmodzi wawo anayenera kuwatenga onse.

Pa mitumbira yaifupi panalibe chikayiko, Jestina sakanakwanamo. Anaima pang'ono pa woyamba wa imeneyo, n'kuona kuti diso likana kulumpha. Anaunenera nawonso.

Kulira kunawapeza ali pakati pa mzere. Sikunabwere ndi phokoso, kunangothyola mawu pakati, ndipo anayenera kubwereza chiganizo. Analira chifukwa cha mwana wawo, analira chifukwa cha moni wa dzanja uja anamupatsa pa maliro a bambo ake, ndipo anachita manyazi kulira pamaso pa a Tatu. A Tatu anali akuchotsa chisoso pa chitenje chawo, kamodzikamodzi, ngati ntchito imeneyo ndiyo anabwerera. Kumunsi mwamuna wina wodutsa ndi khasu anaima, anayang'ana mayi wa yunifolomu ya tchalitchi ali pa chulu cha akazi a mzikiti, anaona kuti sanadumphe malire a aliyense, n'kupitiriza ulendo wake.

Pofika pa mtumbira womaliza mawu anali atasasa. Sanadziwe kuti Jestina anamudutsa pati, koma anadziwa kuti sanamusiye. Mtima sunapepuke kwenikweni, unangoleka kuthamanga. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku, n'kuyamba kufufuza popondera kuti atsike.

A Tatu sanasunthe. Anali akuyang'ana mbali yakale ya nkhalango, kumene mitengo inatsekerana.

"Bambo a Jaffalie ali mmenemo," anatero. "Ndi ana anga atatu. Wina anapita asanayambe kuyenda. Ndinawaperekeza onse mpaka pano pomwe."

Ananena mopanda kudandaula, monga munthu anenera kumene kuli munda wake. Mayi Enid anayang'ana kumeneko. Sikunkaoneka mtumbira, sikunkaoneka kamtengo, ngakhale dothi lofiira. Kunali masamba okhaokha ndi mbalame zingapo.

Anabweza phazi limene anali atatsitsa. Anaimanso pamwamba pa chulu, anatembenukira ku nkhalango yakaleyo, anakonza kukhosi.

"Mundilola, asewere?"

"Kodi womva ndine?"

"Maina awo."

A Tatu anayamba ndi wamng'onoyo.